Kanyenyezi ka Ba Lastone

"Iwe Towela, munthu angatsamire paphewa la munthu amene sanamukhudzepo?" Ba Lastone anandifunsa choncho nditapita kukawazonda, ali chigonere, dzanja lamanja lili m'pulasitala.

Bambo awo anachokera ku Petauke kudzagwira ntchito ya njanji. Ba Lastone unyamata wonse anauthera m'fakitale ya nsalu, ndipo itatsekedwa anatsegula kashopu kosindikiza zithunzi pafupi ndi siteshoni ya maminibasi. Kompyuta yawo inali nkhalamba yolephera kuyendetsa mapulogalamu olemera, choncho ankangolemba malamulo pasikirini yakuda. Mzere umodzi, zithunzi zingapo n'kusungunukira pamodzi. Amatchalitchi ankawakonda: m'busa kutsogolo, moto ndi nkhunda kumbuyo.

Ulesi wawo unali kanyenyezi. M'malo molemba dzina la chithunzi chilichonse, ankaika kachizindikiro kameneka, kotanthauza kuti tenga zonse zili m'foda. Tsiku lomwe ankapanga posita ya mapemphero a ku Nangongwe, m'fodamo munatsalira chithunzi chimene mkulu wanga Dainess anajambulitsa cha chiphaso. Maso awo otopa sanaone kanthu. Posita inamatidwa tauni yonse, nkhope ya Dainess, yozilala ngati utsi, itatsamira paphewa la m'busa.

Mwamuna wake Bruce, kondakitala, anamvera kwa anzake: "Bwanji mudala, madamu bapeza mutsamiro!" Zibakera anayambira kunyumba, Dainess n'kuguluka mano awiri. Kenako anatulukira pashopu atanyamula chitsulo cha jeki.

"Ba Bruce, ni kompyuta chabe, lekani nikuonetseni."

"Kompyuta imuziba bwanji mukazi wanga?"

Anawagwira pakhosi, kuwamenyetsa mutu pachitseko mpaka magazi kudontha pamapepala. Ba Lastone anatambasulabe dzanja kuti atsegule foda ija, poganiza kuti munthu akaona amvetsa. Chitsulo chinatsikira pazala pomwepo. Anamva kuthyoka asanamve ululu. Panja anthu ankangojambula ndi mafoni.

Panopa Dainess ali kwathu, ndipo amalume agamula kuti Loweruka abwerere kwa Bruce akapepese, ati chithunzi sichinama. Ba Lastone zala siziwadetsa nkhawa ngati nkhani imeneyi. Andiphunzitsa mzere uja mpaka ndauloweza.

Loweruka ndinyamula kompyutayo pamutu mpaka pamsonkhano wa banja. Ndiika chithunzi cha Bruce ndi cha amalume m'foda imodzi, ndilemba kanyenyezi onse akuona. Bruce akatsamira paphewa la amalume, atiuze wopepesa ndani.