Woluka Tsitsi Yemwe Analakwa Sosholoje Kawiri

Abale anga, kutopa kulipo kwamitundumitundu, koma kwa mayi wina woluka tsitsi kunali kwina. Anzake pasaluni ankamutcha Chipeso. Zaka 38, ana atatu, zala zotupa, ndipo kukoleji anali atalakwa kawiri phunziro loyamba la sosholoje, lija lofufuza mmene anthu amakhalira pamodzi. Kulakwa kachitatu, basi, sukulu yathera pomwepo.

Tsiku lotenga zotsatira za mayeso achiwiriwo anakhala mu ofesi ya aphunzitsi ake. Aphunzitsiwo anatambasula pepala lake.

"Mwaloweza zonse, mayi: banja, chipembedzo, umphawi, upandu. Koma mabanja mwalembawa munawaona kuti?"

"M'buku, aphunzitsi."

"Nanga masana mumakhala kuti?"

Anazengereza. Chaka chonse ankabisa ntchito yake, kuopa kuti tiana ta m'kalasi timuseka. "Ndimaluka tsitsi," anayankha motsitsa mawu.

"Aa! Munthu amakhala pamaso panu maola anayi akukhuthula moyo wake wonse, inu n'kumakasaka anthu m'buku?"

Anabwerera kusaluni n'kupempha makasitomala kuti amulole azilemba m'kope zomwe akukamba, osatchula mayina. Wina anakana kwamtuwagalu. Wina anafa nacho chikhakhali: "Iwe Chipeso, miseche yasanduka sukulu tsopano? Lemba, koma za apongozi anga ulembe m'zilembo zikuluzikulu!"

Sizinali zophweka ayi. Ankaluka chiimirire tsiku lonse, kasitomala akachoka n'kulemba msangamsanga ndi zala zamafuta. Msana unkachita kuyaka moto. Kangapo konse anafuna kulitaya kope lija.

Atawerenga zonse pamodzi, anaona chinthu. Amayi khumi osadziwana, onse anasiyitsidwa sukulu kuti achimwene awo ndiwo apitirize. Iyenso kwawo zinayenda chomwecho, koma zaka zonsezi ankangoti ndi umbuli wake. Tsiku limenelo analira, kasitomala ali pampando, tsitsi lolukidwa theka.

Pamayeso achitatu analemba zimenezo, akuzilumikiza ndi za m'buku zija. Anakhoza, ndipo anakhoza bwino. Sanakuwe, sanavine. Anangokhala pamasitepe a koleji n'kuvula nsapato, poti mapazi ankamuwawa.

Inu amene mwafooka lero, mavuto ena omwe mukudziimba nawo mlandu sanayambire pa inu. Mukatopa khalani pansi mupume, palibe angakuletseni. Koma chonde, mtima wokhawo musautaye.