Ndinayankha Makalata Amene Sindinawerenge

Inu owerenga, ine ndinaphetsa diso la mwana wanga chifukwa chochita manyazi ndi maso anga. Palibe anandilodza, palibe anandinamiza, ndinali ndekha ndi kunyada kwanga. Nkhaniyi ndayenda nayo zaka zambiri ndipo yanditopetsa. Ndati ndiitule pano, kapena ingathandize wina.

Kwathu ndi kwa Tengani ku Nsanje. M'zaka zija za chipani chimodzi, Zimbabwe akali Rodeshiya, thonje linatikana zaka ziwiri zotsatizana, ndiye ndinakwera sitima ngati anzanga ambiri. Ndinakapeza ntchito yophika pa hotela ina ku Bulawayo. Kumudzi ndinasiya mkazi wanga Felista ndi ana atatu. Woyamba anali Rozina, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Ife ndife olowola, choncho banjalo ndinalisiya m'manja mwa achimwene anga a Zuze. Pakhomo mawu anali awo, koma pa nkhani yaikulu yokhudza mwana iwonso ankayenera kumva kaye kwa ine bambo wake.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 4 ya kale ija, koma ku hositelo kumene tinkagona amuna a kwathu ndinali ngati mphunzitsi. Lamulungu masana ankandizungulira ndi makalata awo kuti ndiwawerengere ndi kuwayankhira. Ankanditchula kuti a Kalaliki, ndipo dzinalo ndinkalikonda kuposa langa lenileni. Felista naye ndinamuphunzitsa kulemba ndine, poyamba pa mchenga, kenako pa pepala. Tinapangana kuti makalata athu asamaonedwe ndi munthu wachitatu. Chifukwa chake chinalipo. Mkazi wanga sankadziwa kubisa mawu. Akakwiya ndi anyamata okakamiza anthu makadi a chipani pamsika, ankalemba momwemo, ndipo masiku amenewo sunkadziwa kuti mnzako wogona naye chipinda chimodzi amakanena kwa yani.

Nditapitirira zaka makumi anayi, maso anayamba kundivuta. Zakutali ndinkaona bwinobwino, nambala ya basi ndinkaiwerenga isanafike n'komwe. Koma pepala likakhala m'manja, zilembo zinkangoti mbuu. Ndinkalitalikitsa mpaka mkono kuwongoka, mutu n'kumawawa. Zolembedwa ndi inki ndinkalimbana nazo pang'ono, koma pensulo ya Felista, ndi tizilembo take tating'ono ngati nyerere, ayi ndithu. Anzanga ndinawauza kuti ndatopa ndi kusunga zinsinsi zawo, akafune kalaliki wina. Linali bodza lenileni.

Panali mkulu wina wa ku Chiromo, a Fombe, mlonda wa pa hotela pomwepo, amene ankavala magalasi. Iwo sindinawapusitse. Tsiku lina anandikokera pambali nati, “Baba, maso amenewo akufuna kupimidwa. Tiyeni ndikuperekezeni, si zoopsa ayi.” Ndinawakalipira mkulu wa anthu ngati anditukwana. Kwathu tinkauzana kuti magalasi amadya maso, ukangowayamba ndiye wapita. Ndinkaopanso kuti bwana wa kukhitchini akamva kuti wophika wake saona, andiuza kuti ndilongedze. Koma chachikulu, kunena zoona, sindinkafuna kuti a Kalaliki akakhale pa mpando n'kumafunsidwa zilembo ngati mwana woyamba sukulu.

Mobisa ndinapita pamsika, kwa munthu wina woyala malonda pansi, magalasi pamodzi ndi zipeso ndi malezala. Ndinangosankha ooneka bwino, osapima. Abale, nditawavala pansi panandiyandikira, chizungulire, nseru. Tsiku lachiwiri ndinawaponya mu sutikesi, mumtima ndikuti, mwaona, amadyadi maso.

Apa ndi pamene ndinapeza nzeru yanga yopusa ija. Kulemba ndinkathabe, poti dzanja linazolowera, ndinkangokulitsa zilembo. Makalata a Felista nawo ndinkadziwa mayendedwe ake: moni, ana ali bwino, mbuzi yaswa, kuno kukutentha, mubwera liti. Ndiye kalata ikafika ndinkaitsegula, kuona kuti ndi dzanja lake, kuipinda, n'kuyankha za m'mutu mwanga. Kawiri konse zinayenda bwino, ndipo ndinadziona wochenjera.

Nyengo yokolola mapira itayandikira, inafika kalata yokhuthala, mapepala awiri olembedwa mbali zonse. Ndinapita nayo padzuwa kuseri kwa khitchini, kuitalikitsa, kutsinzinira, mpaka misozi. Ndinangotolapo dzina la Rozina ndi la achimwene. Ndinaganiza kuti ndi za sukulu, kapena alamu awiriwo akangananso za mbuzi, poti sankamvana kwenikweni. A Fombe anali pa geti, mtunda woti ukhoza kuwaitana osakuwa. Sindinawaitane. Ndinatenga pepala n'kulemba mawu amene mpaka lero ndimawamva m'makutu: “Ndamva zonse. Musachite kanthu, zonse zidikire ine pa Khirisimasi.”

Yachiwiri inafika msanga kuposa nthawi zonse. Ndinapsa mtima, ndikuti mkazi ameneyu bwanji sakumva, ndipo ndinayankha kuti ndanena kale, sindibwereza. Yachitatu inali ya mizere itatu yokha. Imeneyo sindinayankhe n'komwe. Kenako kunangoti zii, miyezi iwiri yathunthu.

Chimene chinandipititsa kokapima si chikumbumtima ayi, ndi bwana wa kukhitchini. Anandipeza ndikulimbana ndi kapepala ka oda kamene woperekera zakudya anabweretsa, mkono nditautambasula. Ndinati basi, ntchito yatha. Iye anangoseka, natulutsa magalasi ake m'thumba la malaya kundionetsa, nandiuza kuti ndipite ndikapimitse tsiku lomwelo. Chinthu chimene ndinachiopa miyezi yonse ija chinathera pomwepo, pa kuseka kwa munthu.

A Fombe anandiperekeza kwa Mmwenye wina wopima maso m'tauni, osandikumbutsa n'komwe za kukalipa kuja. Mmwenyeyo anandikhazika pa mpando n'kundiuza kuti ndiwerenge zilembo za pa khoma. Ndinaziwerenga zonse mpaka pansi, ndikuwayang'ana a Fombe monyada. Kenako anandipatsa kakhadi m'manja. Kakasi. Anandiveka chitsulo cholemera pamphuno, n'kumalowetsamo timagalasi tozungulira, kutseka diso lina, kufunsa kuti bola ili kapena ili, kusintha, kufunsanso. Mwadzidzidzi zilembo zija zinangoti ngwee, zakuda bii, ngati wina watsegula zenera. Anandiuza kuti ndilibe matenda alionse, ndi msinkhu chabe, ndiponso kuti diso langa lamanzere likufuna galasi lamphamvu kuposa lamanja, n'chifukwa chake a pamsika aja ankandizunguza mutu. Analemba muyeso wa maso anga pa pepala. Inu owerenga, ntchito yonseyo inatha msanga kuposa kuphika nyemba.

Patatha sabata ndinakatenga magalasi anga. Pobwerera ndinali ngati mwana, kuwerenga chilichonse, tikiti ya basi, bokosi la machesi, nyuzi ya munthu wokhala naye mpando umodzi. Nditafika ku hositelo dzuwa likali m'mwamba, ndinatsegula sutikesi, ndinatulutsa makalata atatu aja, n'kukhala pa bedi ndikumwetulira.

Yoyamba inkati Rozina, akuthamangitsa mbalame m'munda wa mapira, anagwa ndipo phesi linamubaya m'diso lamanja. Felista anapita naye kuchipatala cha pa boma. Kumeneko anamupatsa mankhwala, koma anati diso layamba kuchita bala mkati, apite naye msanga kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Achimwene anakana. Anati ku Blantyre amang'amba, ndipo mwana wa mtundu wathu sangakang'ambidwe diso bambo wake asanalole, zikalakwika iwo adzayankha chiyani. Pomaliza Felista analemba kuti, “Bambo a Rozina, ndikupempha mawu amodzi okha, muwauze alamu kuti tipite.”

Yachiwiri inkafunsa ngati ndamvetsa bwino. Inkati mwana sakugona ndi ululu, diso likutuluka mafinya, ndipo achimwene ayamba kumuthira madzi a masamba podikira Khirisimasi. Inkati, “Ndakulakwirani chiyani kuti mulange mwana?” Imeneyo ndi imene ndinayankha kuti ndanena kale.

Yachitatu inali iyi: “Diso layera. Saonanso nalo. Zachitika monga munafunira.”

Kalanga ine! Ndinavula magalasi aja, zilembo n'kubwerera mbuu, ndinawavalanso, mawu anali omwewo. Sindinalire nthawi yomweyo. Ndinangomva thupi lonse kulemera ngati ndasenza matumba a thonje tsiku lonse, ndipo kutopa kumeneko sikunandichokere mpaka lero.

Ndinapempha tchuthi n'kukwera sitima yodzera ku Dondo ndi pa mlatho wa Sena. Ndinatsika kwathu masana, dzuwa la mwezi wa Okutobala likuwotcha mapazi m'nsapato. Ndinayamba kwa achimwene, ndili ndi mkwiyo, kuwafunsa kuti bwanji anasunga mwana pakhomo. Iwo sananditsutse. Analowa m'nyumba, anatulutsa kalata yanga m'kachitini kamene ankasungamo khadi la chipani, n'kuitambasula pamaso panga. Zilembo zanga zikuluzikulu zija, zoti ngakhale wopanda magalasi awerenga. “Si mawu anu awa, m'bale wanga? Ife tinangomvera.” Ndinatembenuka n'kulunjika kunyumba kwanga.

Felista anandilandira monga mkazi amalandirira mwamuna wochokera kutali, madzi osamba, chakudya, koma osandiyang'ana kumaso. Iye ankakhulupirira kuti ndinawerenga zonse n'kukana dala. Ndinaganiza zongokhala chete, chifukwa kuoneka wankhanza kunali kopepuka kwa ine kuposa kuoneka chitsiru. Koma m'mawa mwake, tili awiri pansi pa mtondo wa pakhomo, ndinatulutsa magalasi n'kumuuza zonse. Anawayang'ana nthawi yaitali. Sanakuwe, sanandinyoze. Anangoti, “Ndiye kuti miyezi yonseyi ndimalankhula ndekha.” Anadzuka, anatenga khasu, n'kupita kudimba.

Rozina ndinapita naye ku Blantyre sabata yomweyo. Adokotala anayang'ana, napukusa mutu. Anati sangalonjeze kuti likanachira lonse, koma tikanabwera nthawi imene a chipatala cha pa boma ananena, mwayi unalipo. Anandifunsa kuti tinachedwa kuti. Ndinati ndinali kunja.

Pobwerera mu sitima, mwanayo anali pafupi nane, akutembenuza mutu wonse kuti aone kunja, poti mbali yamanja inali itamutsekera. Anandiona ndikuvala magalasi kuti ndiwerenge pepala la kuchipatala. Anandifunsa kuti amagwira ntchito yanji, ndipo ndinamuuza kuti amathandiza munthu amene saona bwino. Anandigwira mkono. “Baba, mundibwerekeko. Kapena ine ndikavala ndiona.” Ndinamupatsa. Anawavala, anatseka diso labwino lija ndi dzanja, anadikira. Kenako anawavula n'kundibwezera ndi manja awiri, nati, “Takhuta, baba,” kundithokoza m'Chisena monga amayi ake anamuphunzitsira.

Ndinabwerera ku Bulawayo zaka zina ziwiri chifukwa ana ankafunika kudya. Felista anandikhululukira, tinakhala limodzi mpaka imfa inamutenga, koma pensulo sanaigwirenso. Nkhani za kumudzi ndinkazimva kwa anthu obwera pa sitima. Rozina anasiya sukulu chaka chomwecho chifukwa anzake ankamuseka. Lero ndi mayi wa ana ake, amalima kudimba ngati wina aliyense, ndipo sanandinenepo mawu oipa ngakhale tsiku limodzi. Nthawi zina ndimalakalaka akananditukwana.

Inu owerenga, makamaka inu amene muli kunja ndipo banja munalisiya kumudzi, ndimvereni ine amene zinandichitikira. Mukaona kuti pepala mwayamba kulitalikitsa, pitani mukapimitse. Si ufiti, si matenda oti muchite nawo manyazi, ndipo magalasi opimidwa bwino sadya maso. Ine ndavala anga zaka zonsezi, ndasinthitsa kangapo, ndipo ndikuonabe. Musatole a pamsika mongoyerekeza, maso a munthu safanana, ngakhale anu awiri omwewo. Ngati simungathe kupita lero, pezani munthu mmodzi womukhulupirira akuwerengereni. Ine a Fombe ndinali nawo pa geti. Koma koposa zonse, musayankhe mawu a kwanu amene simunawamve, chifukwa kumudzi amatenga yankho lanu ngati lamulo.

Rozina akabwera kudzandiona amapeza magalasi anga ali ndi fumbi, poti kuno fumbi silitha. Amawatenga, amawapukuta ndi nsonga ya chitenje chake, amawayang'anira kudzuwa ndi diso lake limodzilo, n'kundiveka yekha. Amandifunsa ngati tsopano ndikuona bwino. Ndimayankha kuti inde, mwanawe, ndikuona.