Mbaula ya ku Bangwe

Chaka chimene tinavotera matipate koyamba, nthawi yokolola, mkazi wanga anali woyembekezera, masiku atayandikira. Anandituma ku Phalombe kukatenga mayi ake kuti adzamudikirire kwathu ku Zingwangwa. Ndinabwereka kapikapu ka mnzanga wa ku Makata, kagalimoto koyendera mapemphero.

Apongozi anga anali Alomwe osunga mwambo. Chikwatirireni mwana wawo tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira ankapatukira kutchire, ndipo mawu awo ankandipeza kudzera mwa munthu wina. Tsiku limenelo anakana kukhala nane kutsogolo. Anakwera kumbuyo pamatumba a chimanga, chiperoni chikuwanyowetsa msewu wonse wa Midima. Zinandinyansa, koma mkamwini amakwiyira mumtima.

Tikulowa Bangwe chakumadzulo, kagalimoto kanatsokomola n'kuzima. Makaniko wa pamenepo anati mpaka mawa. Maminibasi onse anali atatengedwa kupita kumsonkhano wa chipani, ndiye tinakapempha malo pa kalesitihausi kena kuseri kwa chigayo: tizipinda ta zidina, malata opsinja ndi miyala, mbuzi zitabisala pakhonde. Chipinda chinatsala chimodzi. Apongozi analowa, ine ndinakhala pabenchi panja.

Mwini malowo, mayi wina wamtima wabwino koma wolongolola, ataona mmene nkhalambayo inkanjenjemerera anaibweretsera mbaula ya makala ongoyatsa kumene kuti iwothe ndi kuyanika zovala. Apongozi anapiringidza chitseko, pazenera n'kutseka ndi thumba. Ankabisalira ine.

Ndinkawamva akutsokomola. Kenako chifuwa chija chinayamba kutalikirana, mpaka kunangoti zii. Fungo la makala linkatulukira pansi pa chitseko. Ndinakumbukira banja lina la ku Ndirande lomwe linagona ndi mbaula chaka chapitacho, osadzukanso. Ndinadzuka pabenchi paja.

"Odi," ndinatero, nditagwada patali ndi chitseko ngati chitsiru. Palibe anayankha.

Ndinakaitana mayi uja. Anagogoda, anaitana, koma phee.

"Agona basi, bambo," anatero. "Atopa ndi ulendo."

"Ndiswa chitsekochi."

"Inu? Munthu wavula kuti ayanike zovala. Mukawaona apongozi anu chomwecho, ukwati wanu wathera pano."

Sankanama. Mlandu wotero kwawo sunkatha ndi nkhuku. Ndinaima pamenepo ndikuopa zinthu ziwiri. Koma ndikanakamuuza chiyani mkazi wanga, kuti mayi ako anafa ine ndili pabenchi kusunga ulemu?

Ndinaponda chitseko mpaka mpiringidzo unathyoka. Mayi uja analowa, anayesa kuwanyamula, anakanika.

"Sakugwedezeka! Bwerani!"

Ndinalowa nditatsinzina. Inde, munthu wamkulu, wogwira ntchito m'tauni, kukapulumutsa munthu maso ali chitsekere. Ndinapunthwa pa mbaula, makala n'kundikhuthukira pamwendo, koma sindinatsegule maso. Ndinafufuza ndi manja mpaka ndinawagwira, mayi uja atawaponyera bulangeti. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi.

Tinawagoneka pakhonde, pamphepo. Mayi uja ankawakupiza ndi lichero, ine nditafulatira, ndikungomvetsera. Nthawi inatalika. Kenako ndinamva chifuwa, kenako kusanza. Sindinakondwerepo ndi kusanza kwa munthu ngati tsiku limenelo.

Atatsitsimuka anadzifunditsa chitenje kumaso. Analankhula ndi mwini malowo, monga mwa nthawi zonse, ngati ine palibe.

"Wanditulutsa ndani?"

"Akamwini anu."

Ine ndinayamba kuganiza za katundu wanga wa ku Zingwangwa, kuti ndikamutengera kuti.

"Muwafunse ngati andiona."

"Sanakuoneni, mayi. Analowa atatsinzina, ndaona ndi maso angawa. N'chifukwa chake aponda moto. Taonani mwendowo."

Ndinamva chitenje chikusuntha. Ndinakhalabe chifulatire, mwendo ukuwotcha.

"Tembenukani, mwana wanga," anatero apongozi, kuuza ine mwini wake. "Bweretsani mwendowo kuno ndiuone."