Sikafutini ya Agogo ndi Supuni ya M'sokosi

Sendera kuno, Chifundo. Iwenso Tadala, foniyo uyigoneke chafufumimba, sithawa. Khalani pafupi, sindikufuna kukuwa, makoma a ku Bertrams kuno ndi opyapyala ndipo anthu a chipinda chinacho sindinawaitane. Wanena chiyani polowa paja, Chifundo? Bwereza ndimve bwino. "Gogo, mawa muwonjezereko mu sikafutini, anzanga ku Midrand akuti mumaphika bwino." Ha! Ntchito yomanga nyumbayi wayamba dzana lomweli, wandipezera kale ana oti ndiziwalera. Ine ndimadzuka matakisi asanayambe kuliza mahutala, kukuphikira kuti ndalama ya kota, buledi wogula wodzaza tchipisi uja, uzisunga upezere laisensi yoyendetsera galimoto, iwe ukukatsegula hotela pa mulu wa njerwa. Mawu akowo ndinawamvapo kale m'kachipinda ngati kano, ndipo anandidyera sukulu. Khala pansi.

Ndikakumbukira agogo anga aMbewe, ndimamva fungo la parafini wa pulaimasi losakanikirana ndi la chitsulo chopsa, fungo limene silinkachoka mu ovolosi yawo ngakhale nditaichapa ndi sopo wobiriwira mpaka zala kutumbuluka. Anabwera ku Joni ali mnyamata, kudzalowa m'migodi, ndipo sanabwererenso, anali mtchona. Amayi atamwalira kwathu ku Ntcheu, achibale anandikweza basi ndi mayi wina wamalonda, ndili msinkhu wa Tadalayu, n'kudzanditula kwa nkhalamba imene sindinaionepo. Ankakhala kuseri kwa nyumba ina mumsewu wakumunsiwu, m'kachipinda kamene kale kanali ka wantchito: bedi lokwezedwa pa njerwa, msomali wopachikapo ovolosi, ndi zenera limodzi loyang'ana khoma. Za migodi anali atasiya. Ankagwira ku Jeppe, pamalo owotcherera mageti ndi zitsulo za m'mawindo, ntchito yawo kunyamula ndi kupala.

Ankanditchula kuti "akazi anga", monga achitira agogo ndi adzukulu awo. Anali munthu wofatsa, wofatsa mopweteka mutu.

Pafupi ndi ife panali sukulu ya mpingo imene inkalandira ana opanda mapepala ngati ine. Ankangofuna yunifolomu, nsapato zakuda ndi kandalama ka pachaka. Ndinkaima pawaya kumaonerera atsikana a madiresi obiriwira akuimba zilembo, mpaka tsiku lina agogo anandipeza pomwepo. Madzulo ake anati, "Akazi anga, Januwale akubwerayu mulowa. Ine ndasiya kugula chakudya pa kashopu ka pakona. Muzindiphikira, ndizinyamula. Ndalama ya masana yonse ndiziponya umu." Anandionetsa kachikwama ka fodya, n'kukalowetsa pansi pa matiresi.

Ndiye ndinaphika, ana inu. Ndinkapopa pulaimasi kunja kusanayere, utsi wake ukundiliza misozi, nyemba zimene ndaviika dzulo zikubwata, mafuta akuthetheka, kwinaku sitima yoyamba ikulira ku Jeppe ndipo agogo akutsokomola pa mpopi panja. Tsiku lina nyemba ndi mpunga, tsiku lina mapazi a nkhuku ndi nsima yodula mabande, basi ikabwera ndi usipa wakwathu ndiye chinali chikondwerero. Sikafutini yawo inali chitini cha jamu. Ndinkachikulunga m'nyuzipepala kuti chisazizire, n'kumanga ndi mphira wa chubu. Madzulo chinkabwera choyera ngati chanyambitidwa ndi galu, ine mtima mbee, kumati ndimaphika bwino.

Kenaka anati, "Akazi anga, muwonjezereko pang'ono." Wamva, Chifundo? Mawu ako omwewo.

Chitini cha jamu chinasanduka cha mkaka wa ufa. Cha mkaka chinasanduka kandowa kokhala ndi chogwirira. Thumba la ufa linkatha mwezi usanafike pakati. Koma munthu amene ndinkamuphikirayo ankangouma. Lamba wawo anamuboola ndi msomali kawiri konse, ndipo madzulo ankadya ngati wachokera kumunda. Januwale atakwana anatulutsa kachikwama kaja, n'kukagwedeza, n'kukabwezera. "Chaka chamawa, akazi anga."

Tsiku lina anaiwala kandowa pakhomo. Ndinakasenza pamutu, kudutsa pa hositelo, kulowa pansi pa mlatho wa sitima, n'kufika pamene ankamenya chitsulo cha nthawi ya chakudya. Ndinaona amuna atamwazikana pabwalo, aliyense ndi kaphukusi kake kogula, buledi ndi tchipisi m'pepala, aliyense akudya atayang'ana kwake. Chogula kuno munthu saitanira mnzake, ndipo palibe amene amadandaula. Agogo analandira kandowa, anasamba m'manja, anavundukula, n'kukweza mutu. "Tiyeni tidye. Wozani, madoda."

Tsono mverani, chifukwa inu munabadwira kuno. Kwathu munthu sayamba kudya wina akuona osamuitana. Koma woitanidwayo amadziwanso mbali yake. Amati, "Zikomo, pitirizani," kapena amangotsina pang'ono kuti asaoneke wonyoza, basi. Ulemu umenewu uli ndi miyendo iwiri. Agogo anabwera nawo ku Joni mwendo umodzi.

Anadzuka bambo wina wachizulu, Baba Dlamini. Iyeyo mwambo wathu sankaudziwa, ankangomva kuti waitanidwa. Koma pobwera anabwera ndi theka la buledi wake n'kuika pambali pa kandowa. Ameneyo sindimusungira kanthu. Amene ndimusungira mpaka lero ndi aLayitoni, wakwathu, wa ku Balaka, woyamwa mwambo womwewo, wodziwa yankho lake bwino lomwe. Munthu wa nsapato zonyezimira, ndalama yake yonse yothera ku juga ya mijaha ya akavalo ndi mowa wa Lachisanu. Anawerama, anakwinya mwendo wa buluku, n'kusolola supuni m'sokosi. Supuni, m'sokosi! Anaipukuta pa ovolosi n'kumati, "Aaa madala, mwatiitana nokha, tikane? Kukana chakudya cha akulu ndi mwano." Atatero anatembenuka kukodola anyamata ena. "Wozani majita, hotela ya madala yatsegula!"

Ndinaona nyemba zanga zikupita. Nyemba zimene ndinasankha imodziimodzi ndi maso ofiira utsi. Agogo anatapa kawiri, akumwetulira, akuwasunthira kandowa kuti afikire bwino, kenaka anapita kukadzaza mimba pa mpopi.

Pakamwa panga panatseguka pokha. "ALayitoni, mayi anu sanakuphunzitseni kuyankha kuti zikomo?"

ALayitoni ananyambita supuni mbali zonse ziwiri, osafulumira. "Madala, kamwana aka n'kanu? Kayamba kukuwerengerani nthongo? Ndiye mukanangonena kuti kwanu chakudya amaitanira ndi pakamwa pokha."

Agogo anandigwira mkono n'kunditulutsa kunja kwa geti. Sanandimenye, sanandimenyepo chibadwire. "Wandivula pagulu. Ine ndinatsika pansi pa nthaka ndi anthu. Botolo limodzi la mahewu linkazungulira tonse. Wodya yekha, mwala ukagwa, ankamukumba pomaliza. Chakudya sichichepa, mwana iwe, chimachepa ndi chovala."

Ndinati, "Chovala chachepacho ndi yunifolomu yanga, agogo."

Anangoyang'ana mapazi anga opanda nsapato, n'kubwerera kukanyamula zitsulo.

Mukuganiza kuti zinathera pomwepo? M'mawa mwake anatsegula kachikwama ka fodya kaja, ka sukulu yanga, n'kukagula nkhuku yathunthu. Ati kupepesa anzawo chifukwa cha mwano wa mdzukulu. Ndinaiphika ndekha nkhukuyo, misozi ikugwera mumsuzi, ndipo ntchafu zake ndikudziwa kumene zinapita.

Ndinayesa nzeru ina. Ndinkawamangira kaphukusi kapadera, mbatata ndi dzira, n'kuwaikira m'thumba kuti akadyere kuseri kwa shedi. Anayesadi. Anabwera nako madzulo kali kolumidwa kamodzi. "Sichikutsika pakhosi, akazi anga. Ndimamva ngati ndikuba." Tsiku lina aLayitoni anawapeza kuseriko, ndipo agogo asanaganize n'komwe mawu anali atalumpha kale. Basi kaphukusiko kanalowa mu hotela.

Januwale wina anadutsa, winanso. Ndinatalika, mabere anayamba kumera, ndipo ngakhale akanandigulira diresi lobiriwiralo, ndikanakhala bwanji pa benchi ndi tiana tosadziwa kumina? Kenaka chifuwa cha m'migodi chinawapeza munthu wosadya masanayo. Bwana wa mageti anawauza kuti akapume, kupuma kopanda malipiro. Zotsala m'kachikwama zinapita ku mankhwala ndi lendi. Ine ndinayamba kuchapa m'nyumba za anthu, kumanyamulira ana a eni ake zikwama za mabuku pobwera kusukulu.

Ali gone pa bedi la njerwa lija, Baba Dlamini ankabwera Lamulungu ndi mkaka wowawasa ndi buledi, n'kukhala pakhomo kumacheza nawo m'chifanakalo cha kumigodi. ALayitoni anabwera kamodzi. Ndipo anadziwa nthawi yobwerera: masana, nditangowapatsa agogo phala la ufa wokokota pansi pa thumba. "Odi kuno! Madala, mwatisowetsa mtendere ku ntchito, tikufa ndi njala." Agogo mpweya unali wosakwana ndi kutchulira dzina langa lomwe, koma anakweza mbale ija ndi manja awiri. "Tiyeni... tidye."

Munthu uja anawerama. Anakwinya buluku.

Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji pomwe anali. Ndinangoona supuni ili m'manja mwanga, yofunda ndi thukuta la mwendo. Ndinatuluka nayo panja n'kuiponya ndi mphamvu zonse za kuchapa. Inalira pa malata a nyumba yaikulu, ngwee, n'kutsetsereka mpaka mu ngalande ya padenga. Ndinati, "Futseki! Mukadye kwa akavalo anu!"

Mukudziwa chimene ananena agogo? Mukuti anandithokoza? Anati, "Nanga mlendo adyera chiyani? Mpatse yangayi."

Ndinaima pakhomo ndi mthiko, ndipo aLayitoni atandiyang'ana m'maso anakumbukira kuti ali ndi ulendo. Phala lija ndinawamwetsa agogo ndekha, supuni ndi supuni, akundiyang'ana ngati ndapha munthu. Analimaliza lonse. Chiyambire kuwaphikira, limenelo ndi tsiku lokhalo limene ndikutsimikiza kuti anadya chamasana chawo chonse.

Agogo sanaione mvula ya chaka chimenecho. Agona konkuno, m'dothi la eni ake, ndipo kutsogolo kwa bokosi kunagwira Baba Dlamini. Iyeyo atakalamba anabwerera kwawo ku Natal. Pochoka anandisiyira bulangeti limene mumafunda m'nyengo yozizira lija. ALayitoni kumaliro sanaoneke, koma pa chakudya cha pambuyo pake analipo. Anakhala moyo wautali, wonenepa. Anasiya akavalo, anapita kwawo ndi ngolo yodzaza katundu kumbuyo kwa basi, ndipo oyendetsa mabasi amandiuza kuti anamanga nyumba ya malata ku Balaka, ndi galu wolusa pakhomo kuti alendo asamafike nthawi ya nkhomaliro. Supuni yawo mwina ikadali padenga paja, ndikamadutsa ndimayang'ana.

Ine ndi uyu mukumuonayu. Dzina langa ndimalemba ndi chala chachikulu. Koma sikafutini sindinaisiye, ndipo amayi anu anavala diresi lobiriwira chifukwa cha iyo. Kunyumba imene ndimagwira ku Midrand ndimadyera kuseri kwa galaja, nditayang'ana khoma. Akuganiza kuti ndine wamanyazi. Si manyazi. Ndikuopa pakamwa pangapa. Wosamalira maluwa akangodutsa ndi wilibala, ndimamva mawu atatuluka kale, "Tiyeni tidye," ndipo ndi mawu a nkhalamba ija, kakwezedwe kake komweko. Ndimapsa mtima mpaka chakudya kundiwawa, koma ndimamusunthira.

Ndiye iwe Chifundo, kuitana uziitana, ndi magazi a aMbewe amenewo, ngakhale nditakumanga pakamwa ndi mphira. Koma uziyang'ana m'manja mwa wobwerayo. Wobwera ndi theka la buledi wake, mpatse malo. Wobwera ndi supuni yokha, vundikira. Mu sikafutini yako sindiwonjezera ngakhale nyemba imodzi. Ndipo Khirisimasi ikafika laisensi isanatuluke, ndidzatsika takisi pa mulu wa njerwa pomwepo nthawi ya chakudya. Nyumba mukumangazo ndi zazitali, ndaziona, koma mkonowu ndikadali nawo.