Pulogalamu ya Kachala ndi eni ake

Dailes Tsoka anabadwira pa esiteti ya fodya kufupi ndi ku Santhe, makolo ake ali matenanti. Kuyambira ali mwana sankatha kukhala phee. Akamutuma kusoka fodya m'chigafa, amasoka pang'ono n'kudzuka, kukayang'ana mbuzi, kubwerako, kudzukanso. Mayi ake ankati miyendo ya mwanayo imayabwa. Atakula anagulitsapo tomato, anagwirapo ntchito m'chigayo, anakwatiwa ku Mwase n'kubwerako ndi mwana wamkazi kumbuyo. Chinthu chimodzi chokha chimene chinamukhazikapo pansi chinali kompyuta.

Pasukulu ya pa esitetipo panabwera bungwe lina lachifundo, n'kusiya kompyuta imodzi yoyera ngati ufa. Munali pulogalamu yophunzitsa kutayipa m'Chichewa, dzina lake Kachala. Ukadina chilembo cholondola, mawu a mayi wina ankati, "Wakhoza, pitiriza." Ukaphonya ankaseka pang'ono n'kunena kuti, "Aa, kachala kasochera." Dailes anaphunzira kutayipa ndi mawu amenewo, ndipo ndi ntchito imene akudyera lero. Ali ndi kashopu pamsika wa Santhe komwe amatayipa makalata ndi kupanga fotokope. Sukuluyo itatsekedwa, aphunzitsi aakulu anamupatsa sidi ya Kachala, poti panalibe wina woifuna.

Loweruka lililonse ankaphunzitsa amayi a kalabu ya alimi kutayipa pogwiritsa ntchito pulogalamu yomweyo. Tsiku lina sidi ija inakana. Inali itakalika kwambiri, ndipo kuipukuta ndi chitenje sikunathandize. Kachala anatsala m'kompyuta imodzi yakale yomwe inkadzizimitsa yokha kukatentha. Dailes anayamba kuyendayenda m'shopumo ngati nkhuku yofuna kuikira.

Mphunzitsi wina wa kusekondale, amene ankabwera kudzatayipitsa mayeso, ndiye anamusonyeza nkhokwe ya pa intaneti komwe anthu amasungako mapulogalamu akale kuti asatayike. Dailes sanaganize kawiri. Anagula bandulo, nakakhala pansi pa mtengo kuseri kwa msika komwe netiweki imagwira bwino, mpaka Kachala analowa yense m'nkhokwemo.

Patapita masabata angapo anthu anayamba kulemba ndemanga m'munsi mwake. Wina wa ku Joni anati atamva mawu a mayi uja anagwetsa misozi, poti anakumbukira sukulu yakwawo. Wina anathokoza kuti ana ake akuphunzira kulemba Chichewa ali ku Mangalande. Dailes ankawerenga mokweza kuti makasitomala amve. Kenako kunabwera funso lalifupi, lopanda moni: "Mwini pulogalamuyi ndani, ndipo analola?"

Funsolo linamulowa ngati munga. Anayankha kuti bungwe linachoka kalekale, n'kufufuta. Analemba kuti palibe amene akugulitsa, n'kufufutanso. Masana amenewo anatayipa kalata ya kasitomala n'kulakwitsa dzina la mwini kalatayo. Atayatsa Kachala anaona zimene maso ake ankangodumpha zaka zonsezi: pakona, m'tizilembo ting'onoting'ono, panali dzina la P. Chikhumbo.

Anafunsa aliyense wolowa m'shopu. Mlangizi wa zaumoyo wina anati akuwadziwa a Pius Chikhumbo, amalima fodya cha ku Simlemba. M'mawa mwake Dailes anatseka shopu, nakwera minibasi mpaka pa Boma la Kasungu, ina yopita kumpoto, kenako njinga yamoto. Inali nyengo yothyola fodya, ndipo mseu unali matope okhaokha.

A Chikhumbo anawapeza m'chigafa akupachika fodya pandawala, bambo wowonda wa imvi za apo ndi apo. Atalonjerana, Dailes anafotokoza zonse mofulumira, ataimirira, ngakhale anali atamupatsa mpando.

"Khalani pansi, mama," anatero a Chikhumbo. "Mukundizunguza mutu."

Anakhala, koma phazi likugwedezeka.

"Mwati mwaiika poti dziko lonse liione?"

"Eya, bambo. Ikanafa."

"Nanga isafe bwanji? Zinthu zimafa." Anapukuta manja pathalauzi, phula la fodya litawada m'zala. "Ndinaipanga ine, usana ndi usiku, ndili mnyamata. Nditamaliza, a bungwe anandiuza kuti si yanga, ndi yawo, poti ndinali wantchito wawo. Ndinapempha kuti dzina langa lokha likhalepo, ndiye anaika kakang'ono kaja. Lero inu mwabwera kudzapempha kwa ine ngati mwini. Kupempha kwake mutatenga kale."

"Nanga ndikapemphe kwa yani? Bungwelo kulibe."

"Kaya. Mbewu za m'munda wa munthu womwalira sukolola chifukwa choti mwini sakulankhula."

"Koma zikamaola m'mundamo, bambo, anthu ali ndi njala?"

A Chikhumbo anati muli zolakwika zambiri m'menemo zimene sanapatsidwe mpata wokonza, ndipo safuna kuti anthu akunja aziseka ntchito yake. Dailes anati palibe amene waseka. Iwo anatola tsamba la fodya pansi n'kumalitembenuza.

"Mawu aja ndi a Olive," anatero. "Anali akazi anga. Tinasiyana, ndipo sitinasiyane bwino. Yayi, mama, kaichotseni."

Dailes anaichotsa asanafike n'komwe pa Boma, ali m'minibasi, foni ikudumphadumpha m'manja. Ankayesa kuti mtima ukhala pansi, koma ayi. Anthu anali ataitenga kale. Pasanathe mwezi anaipeza pa tsamba lina, wina ataiikanso, ndipo kumeneko ngakhale dzina la Chikhumbo sanalitchule. Anawalembera eni tsambalo kuti aichotse, sanayankhe. Anawaimbira a Chikhumbo kuwauza. Iwo anangoti, "Ndamva," n'kudula.

Masiku amenewo Dailes anali wovuta kukhala naye. Anasintha malo a matebulo m'shopu, n'kuwabwezeranso. Anakalipira mwana wake pa nkhani ya sopo. Amayi a kalabu akabwera Loweruka ankawayatsira Kachala, koma mawu aja akangoyamba, iye ankatuluka kukaima pakhomo.

Tsiku la msika kunabwera mayi wonenepa, atanyamula chikwama chachikulu cha kaunjika. Anachiika pansi nafunsa ngati uyu ndiye Dailes. Dailes anazindikira mawuwo mayiyo asanamalize chiganizo.

"Ndine Olive," anatero mayiyo. "Mwana wa achemwali anga ananditumizira mawu anga pafoni. Ndinamvera ndili pa benchi yanga pa Boma, mpaka makasitomala anandizungulira. Nditati ndikawasonyeze anzanga a kutchalitchi, akuti mwachotsa. Mwachotseranji?"

"A Chikhumbo anakana, mayi."

"A Chikhumbo!" Anaseka, kuseka komwe kuja kwa m'pulogalamu, koma kokhuthala. "Iwo anapanga za mawaya zawozo, chabwino. Koma amene ankakhala m'bafa atadzifunditsa bulangeti kuti mawu amveke bwino ndani? Ndinali ndi pakati ine nthawi imeneyo. Palibe anandifunsapo, bungwe kapena iwowo. Dzina langa mulibemo. Ibwezeni, ndipo mulembepo kuti Olive Sunganani."

Dailes anawapatsa mpando ndi botolo la thobwa. Anati sangaibweze pomwe munthu amene anaipanga wakana pamaso pake. A Olive anati nawo avomera pamaso pake, ndiye pamaso pa yani pali polemera? Anakangana mpaka dzuwa linapendeka. A Olive anachoka atakwiya pang'ono, koma anasiya nambala yawo, ndi bulauzi imodzi ya mwana wa Dailes.

Chimene Dailes anachita pamapeto pake sichinakhutitse aliyense mokwanira. Mu nkhokwe muja anaikamo tsamba lofotokoza za Kachala: kuti inapangidwira ana a pa maesiteti a ku Kasungu, kuti anaipanga ndi a Pius Chikhumbo, mawu ndi a Olive Sunganani, ndi kuti bungwe limene linali ndi umwini wake silikupezeka. Pulogalamu yeniyeniyo sanaiikemo. Ena analemba kumunena kuti ndi wamantha. Munthu wa funso uja sanalembenso kanthu.

Fodya atapita ku okushoni, a Chikhumbo anaimba okha. Sanatchule za tsambalo, ngakhale zinkamveka kuti wina anawawerengera. Anafunsa ngati kompyuta yakale ija ikuyakabe. Anati chilembo cha ŵ chinkatuluka molakwika, ndipo akhala akuchiganizira kwa zaka zambiri ali m'munda. Mwina atachikonza angaonenso bwino nkhaniyo. Sanalonjeze kanthu.

Dailes anakopera Kachala pa fulashi, nakulunga kompyutayo m'bulangeti, n'kuimangirira pa njinga yamoto yopita ku Simlemba. Mpaka pano sinabwere. Akawaimbira, a Chikhumbo amati batire ya sola ikuvuta, kapena ali pa nazale. A Olive amaimba kawirikawiri kufunsa ngati bamboyo wasiya makani. Dailes amayankha onse awiri ataimirira pakhomo pa shopu, ndipo wayamba kufunsa makasitomala ngati alipo amene akudziwa kumene anapita anthu a bungwe lija.