Mwendo wa a Dyton

Alamu anga a Dyton anayamba kuyendetsa galimoto za mpingo ine ndili mtsikana. Abusa amabwera n'kusamuka, koma iwo ali pompo, kuwanyamula kupita nawo kumaliro ndi kumapemphero m'midzi ya kuno ku Chileka mpaka kutsidya kwa Lirangwe. Pobwerera, galimoto imadzaza mphatso za akhristu, nkhuku ndi mbuzi zomwe. Tsono mbuzi sidziwa kuti yakwera galimoto ya abusa, imangochita zake. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse a Dyton amakhuthulira ndowa ya madzi m'katimo, mpaka pansi pa chiwongolero. Ine ndinkawaseka kuti galimoto imasamba kuposa eni ake.

Chaka chatha mpingo unalandira galimoto yatsopano, yaitali, yokoka ndi matayala onse anayi. Patapita miyezi ingapo inayamba khalidwe. A Dyton ankati akaponda moto pachitunda, iyo inkangokwawa ngati ngolo ya ng'ombe zanjala, mwinanso kudzambatuka yokha. Akaizimitsa n'kuilizanso, inkayenda bwinobwino ngati sinalakwe.

Iwo sanaikayikire galimotoyo. Anakayikira mwendo wawo. Bambo awo anafa ziwalo, ndipo matendawo anayambira mwendo wakumanja, womwewo woponda moto.

"Galimoto ndi yatsopano, wakale ndine," anauza akazi awo, achemwali anga a Lenia. "Ndisadzaphe abusa."

Masiku oyamba anachita mantha, ndipo ine ndinawamvera chisoni moti zocheza zinandithera. Koma atauza abusa kuti asiya ntchito kumapeto kwa mwezi, munthu uja anasintha. Anayamba kukamba za dimba lawo la kudambo lomwe linali litamera thengo. Ankati tsopano azikhala m'tchalitchi mpaka mapemphero kutha, osati kutuluka ulaliki uli pakati kukatembenuza galimoto. A Lenia anati anayambanso kugona tulo, n'kumaseka.

Abusa anati galimotoyo ikaonedwe kaye isanaperekedwe kwa dalaivala wina. Ine ndinapempha nawo matola a kumsika wa ku Lirangwe, ndiye zonse ndinaziona ndekha. Tisanafike kugalaja ya komweko, a Dyton anaima n'kugula kapaketi ka mbewu ya tomato.

Makaniko wake, a Fanuel, anamvetsera nkhani yonse, n'kulumikiza kamakina kawo pansi pa chiwongolero. Kenako anagwada pakhomo la galimoto n'kumakankha chopondera moto ndi dzanja pang'onopang'ono, maso ali pakamakinako. Manambala ankakwera, kugwa, kukweranso.

"Madala, taonani. Apa ndikukankha ndine, mwendo wanu suli pano, koma zikudumphabe."

Anafotokoza kuti galimoto zamakonozi zilibe waya wokoka monga zakale. Pachoponderapo pali kachipangizo kotchedwa sensa, kamene kamauza injini mmene phazi lapondera. Kakayamba kunena zosamveka, galimoto imadzichepetsa mphamvu yokha kuti isachite ngozi. Anazula pulagi yake, ndipo m'kati munali dzimbiri lobiriwira ndi matope ouma.

"Mumathira madzi muno?"

"Tsiku lililonse," ndinawayankhira ine.

A Fanuel anapala dzimbirilo, kupopera mankhwala, n'kubwezera pulagi. Manambala aja anakwera mwadongosolo. Anakaiyesa galimotoyo pachitunda, ndipo inakwera osatsokomola n'komwe.

"Mwendo wanu ulibe mlandu, madala. Muzingopukuta ndi kansalu basi."

Ine ndinasangalala, mpaka ndinawamenya alamu anga paphewa. Iwo anaimbira abusa foni, ndipo mawu a abusawo ankamveka mpaka pomwe ndinaima.

"Ambuye alemekezeke. Ndiye zopuma zija tiziiwale, a Dyton. Mawa tilawirire ku Madziabango."

"Chabwino, abusa."

A Dyton anakhala kanthawi atagwira chiwongolero, osaliza injini. Pamenepo m'pomwe ndinaona kuti bambo aja atopa, ndipo anatopa kalekale, kungoti analibe chifukwa chomveka chouza abusa. Matenda aja ankawaopa, komanso ndi okhawo amene akanawapatsa mpata wokhala pansi. Zinandiwawa, ndipo ndinachita manyazi ndi chimwemwe changa.

Titafika pakhomo panga, anatenga kapaketi ka tomato kaja n'kundipatsira pawindo.

"Alamu, kafeseni inu. Kwathu kangoonongeka."