Njerwa Yootcha Inandithyola Dzanja

Inu owerenga, dzanja langa lamanja ndinalithyola ndekha. Palibe anandimenya. Ndi matama basi.

Kwathu ndi ku Ntengo-Wambalame. Sukulu ndinalekezera kinta kalasi, kalasi yachisanu. Ntchito ndagwirapo zambiri: kuweta ng'ombe za amalume, kukweza matumba a mbatata ya kachewere pa makamiyau, malole akuluakulu, ku Tsangano, kudinda mabelo a fodya ku Chidzolomondo. Uko ndi kumene ndinakumana ndi a Zuze, bambo amene anaphunzira karate ku Malawi pa nthawi yothawa nkhondo. Anandiphunzitsa, ndipo ndinaikonda koopsa. M'mawa uliwonse kuthamanga, kuponya mateche, kenako kuswa zidina, njerwa zosaotcha, ndi dzanja. Chidina chikagawanika pakati ndinkamva kukoma mpaka m'mafupa. A Zuze ankati karate si yoonetsera pagulu. Sindinawamvere.

Chaka chatha patarau wina ku Tsangano, bwana wogula mbatata, ankafuna mlonda wa nyumba yosungiramo mbatata. Ntchito ya pamwezi, yoyamba m'moyo wanga. Tinapita amuna asanu. Aliyense ankatchula dzina lake ndi ntchito zimene wagwirapo. Ine ndinafotokoza zanga bwinobwino, patarau akugwedeza mutu. Ntchito inali yanga kale. Koma pakamwa sipanatseke. Ndinawonjezera kuti ndimaswa njerwa ndi dzanja.

"Eti? Tationetsani, akulu," anatero patarau akuseka.

Anatumiza njerwa yootcha. Yofiira, yopsa bwino, yolira ngati chitsulo. Kwathu timamangira zidina, zongouma ndi dzuwa, ndipo ndi zomwe ndinkaswa zaka zonsezo. Kusiyana kwake ndinakuona. Koma anthu anali atasonkhana, amayi osankha mbatata ayamba kale nthungululu. Ndinakuwa, n'kutsitsa dzanja.

Njerwayo ilipo mpaka lero, amatsamiritsira chitseko. Ine miyezi iwiri dzanja lili m'chikhakha. Ntchito anatenga munthu wosadziwa ngakhale kukunga chibakera. Mbatata ya kumunda kwathu anakumba mkazi wanga yekha, ali ndi pakati. Chimenecho chimandiwawa kuposa fupa.

Pano dzanja lapola, ngakhale chala chaching'ono chinapindika. Ndayambiranso masewera. Ndipo tamvani izi: abusa atibwereka bwalo la tchalitchi, anthu asanu ndi atatu alembetsa, awiri mwa iwo ndi akazi. Loweruka tikuyamba! Ndikufuna gulu lenileni la karate kuno ku Tsangano, lovala zoyera, lokapikisana mpaka ku Tete. Ndikangoganiza zimenezi, magazi amathamanga.

Koma inu owerenga, akakufunsani za ntchito zanu, nenani zimene munachitadi, kenako tsekani pakamwa. Nthungululu sizikumba mbatata. Ophunzira anga tsiku loyamba ndidzawaonetsa chala chopindikachi, aliyense achigwire. Akatero ndiye tiyambe kuthamanga.